Tsiku Limene Ndinafa ku Hamilton

Iwe ukusekawe, seka ndithu, mano ndi ako, koma dzanja ukuliona likunjenjemera ndi kapu ya tiyili linagwetsapo amuna makumi anayi tsiku limodzi m'paki ina ku Hamilton, m'ma 1970 muja, makolo ako asanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli Canada. Wokayika abwere adzagwire chipsera chili pachipumichi.

Nthawi imeneyo ndinkakankha odwala pa chikuku m'chipatala, Mmalawi ndekhandekha mzinda wonse, Loweruka ndikumacheza ndi khoma. Ndinali ndi mnzanga wokolopa, dzina lake Gordon, mzungu wachibwibwi woti madokotala ankangomudutsa ngati ndowa yake yokolopera. Tsiku lina anandiitana kuti ndikaone masewera awo, ndipo ndinapeza anthu akuluakulu ndithu, aphunzitsi, anyamata a kufakitale ya zitsulo, amayi a m'maofesi, atavala ngati ankhondo a ku Ulaya a kalekale: zisoti zosula okha ndi zigubu za gasi zakutha, makapeti pachifuwa, malupanga a ndodo zokulunga tepi. Sindinaseke ayi. Kodi kwathu a gule wa malipenga savala ngati asilikali n'kuliza zipanda, mudzi wonse n'kuwapatsa ulemu? Gordon akavala chisoti chibwibwi chinkatha, anthu akumuweramira. Ndinaona kuti anthuwo ankabwera chifukwa pamenepo wokolopa ndi dokotala ankayezedwa ndi ndodo imodzi, ndipo ine mtima unasirira.

Kunabwera mpikisano waukulu. Wopambana amakhala mfumu n'kuveka mkazi wake chisoti chachifumu, ndipo Gordon anali atayesa zaka zisanu kuti aveke Margaret wake, mayi woyenda ndi ndodo ziwiri amene ankasokera gulu lonse zovala. Nanenso ndinalowa nawo, Gordon n'kundibwereka zida, n'kundiuza lamulo lawo: palibe woweruza, wamenyedwa bwino amanena yekha kuti wafa n'kugwa pansi. Ine Mngoni wa ku Ntcheu mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Mwamuna n'kudzilengeza yekha kuti wafa?

Woyamba kulimbana nane anali wamtali moti pachisoti pake panali chipale chofewa mwezi wa Juni, nyengo yotentha kuno, ndipo nditamuwomba chisoticho chinauluka n'kutsata gombe la nyanja mpaka ku Oakville, n'kukatera pamutu pa bwana wina amene ankadikira sitima, yemwe anakwera nacho mpaka ku ofesi chifukwa chinakana kuvuka, pomwe wachiwiri ndinamuzungulira mothamanga mpaka ndinaona msana wanga womwe patsogolo panga, wachitatu ndodo zathu zinagundana n'kuyaka moto woti a kufakitale anabwera ndi mafosholo kudzapala chifukwa ng'anjo yawo inali itazima. Mukumva? Pofika wa makumi anayi, mphepo ya lupanga langa inali itakankhira madzi a m'nyanja tsidya la Amereka, nsomba zikutsatira wapansi. Ndikanama, malemu mayi anga andione.

Koma mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo. Womaliza anali Gordon. Tisanayambe anabweretsa chisoti chake pafupi ndi changa n'kunena chapansipansi, popanda chibwibwi ngakhale pang'ono:

"Mnzanga, kuno palibe amene angakugwetse. Umadzigwetsa wekha."

Ndinayang'ana anthu aja. M'pamene ndinakumbukira kuti tsiku lonse palibe anandiwombera m'manja. Mutu unkalira ngati belu la tchalitchi, nthiti zikuwawa, chifukwa aliyense wa amuna aja anali atayamba ndiye kundimenya, ine n'kumapirira poyesa kuti kulimba ndiko kupambana, ndipo ndikabwezera iwo ankagwa mokhulupirika, osadandaula, poopa kuchititsa manyazi mlendo. Ndinachita manyazi ofuna kulowa pansi. Margaret anali atakhala pampando wake, manja atagwira pachifuwa, akudziwa kuti mwamuna wake akulimbana ndi munthu wosafa.

Tinayamba. Gordon anatembenuza dzanja, ndodo n'kutera pachisoti changa bwinobwino, ndipo ndinakuwa m'Chichewa chenicheni kuti "Ndafa ine!" n'kudziponya chagada moti sitima zapansi ku Toronto zinaima, mawindo a nyumba zosanja za ku North York kuno n'kunjenjemera sabata yathunthu. M'manja munalira. Ndili chigonere ndinaona Gordon atagwada, akuveka Margaret chisoti cha mkuwa chimene anasula yekha, mayiyo misozi ili chuchuchu. Amene ndinawabera chipambano aja ndi omwe anandidzutsa, ndipo kuyambira pamenepo sindinachezenso ndi khoma Loweruka.

Amuna makumi anayi aja? Chabwino, anali asanu ndi mmodzi, ndipo onse anandigonjetsa. Chipserachi ndi cha chisoti chobwereka chimene chinkandithina. Koma pa nkhani ya kugwa, funsani chigawo chonse cha Ontario: sipanaonekenso munthu wakufa bwino ngati ine.