Kanyimbo ka Kompyuta ndi Filiji ya a Zainabu

Lolemba

Kompyuta yasiya kuimba!

Loweruka inandifunsa ngati ndikufuna apudeti. Ine, munthu wophunzira, ndinadina povomera. Lero magetsi abwera, yayaka yokha monga mwa masiku onse, koma zii. Kanyimbo kake koyambira kaja, ka tindi-li-liii, kulibe.

Wina anganene kuti ndi nkhani yaing'ono. Ameneyo saudziwa mzere wathu wa mashopu pano pa Boma. Kompyuta yanga yotayipira makalata ndinaikonza kuti magetsi akangobwera iziyaka yokha, ndipo ndinailumikiza ku chisipika cha paukwati. Ikaimba, mzere wonse umadziwa kuti abwera. A Saidi ometa amadzambatuka pa benchi. Ndipo chachikulu, a Zainabu amawoloka msewu.

A Zainabu amagulitsa chambo kutsidya kwa msewu. Pa benchi pawo palibe magetsi, ndiye filiji yawo imakhala m'shopu mwanga, pakona. Magetsi akathima ndimazula pulagi kuti isapse. Koma kulumikizanso ndinawauza kuti ndi udindo wa mwiniwake, kuti ikapsa pasakhale kulozana zala. Lamulo limeneli ndinalipeka ndekha. Amalowa, amati "Mwaswera bwanji achimwene," amalumikiza, nthawi zina amaima pang'ono kudandaula za mwera. Malaya anga onse ndimasitira kanthawi kameneka. Ndimawakonda, ndipo sakudziwa.

Lero sanamve kanthu, ndiye sanabwere. Ndakawaitana ndekha. Akuti ndikonze msanga, nsomba sizidikira munthu.

Pulani:
Mawa kanyimbo kabwerere.
Lamlungu ndinene za kumtima.

Lachiwiri

Zimene ndayang'ana:
Voliyumu. Ili pamwamba.
Waya wa sipika. Ndazula, ndauzira, ndabwezera.
Sipika yeniyeniyo. Ndaika nyimbo ya kwaya yathu, yaphulika mpaka a Saidi amudula munthu kakhutu ndi sizasi. Sipika ili bwino.

Ndiye zonse zikumveka, kupatula kanyimbo kamodzi kamene ndikukafuna.

Ndagula bandulo, ndafunsa pa intaneti. Anthu a kumeneko ndi aulemu koma sagwirizana. Wina akuti ndizimitse ndi kuyatsanso. Wina akuti apudeti inachotsa fayilo ya kanyimboko. Wina akuti iye kanyimboko kankamusowetsa mtendere, ndiye ndizithokoza. Ameneyu alibe filiji ya munthu m'shopu mwake.

Ndazimitsa ndi kuyatsa, kuzimitsa ndi kuyatsa, mpaka kalata ya aphunzitsi ena a ku Mwadzama yopempha kusamutsidwa yasowa ndili pakati poitayipa. Akuti si kanthu, mwina ndi chizindikiro choti asasamuke. Achoka atakwiyabe.

Magetsi lero sanathime n'komwe. A Zainabu ndawaona patali basi, akuthamangitsa ntchentche.

Lachitatu

Nzeru yatsopano. Ngati kompyuta yakana kuimba, ndiimba ine.

Magetsi atabwera ndaima pakhomo, ndakonza kukhosi: tindi-li-liii! Kwaima akabaza awiri, aliyense akuti ndaitana iyeyo. A Zainabu sanatembenuke n'komwe. Ndabwerezanso mokweza. A Saidi atuluka ndi thaulo paphewa, akufunsa ngati ndalumidwa ndi chinkhanira. A Zainabu ndakawaitananso ndekha kuti adzalumikize.

Masana ndajambula mawu anga pa foni, ndawaika m'kompyuta potsatira malangizo a munthu wina wa pa intaneti. Kanali kawindo kakuda, ndikulembamo zinthu zimene sindikuzimva, ngati ndikukopera mayeso. Zatheka! Koma osati poyaka. Mawu anga akulira pena paliponse pamene ndalakwitsa. Ndikadina batani lolakwika, ine ndemwe pa chisipika: tindi-li-liii! Pepala likatha mu pulinta: tindi-li-liii!

Sindinkadziwa kuti ndimalakwitsa kwambiri chonchi pa tsiku.

A Zainabu awoloka msewu ulendo woyamba, apeza filiji ili kale pa magetsi. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Mtima wanga unali m'mwamba, ndinkangoti bwanji osazisiya chonchi. Ulendo wachitatu anena kuti asiya makasitomala pa benchi chifukwa cha mbuzi yanga ikulira m'sipikayo, ndipo sadzabweranso mpaka kanyimbo kenikeni kabwerere.

Mbuzi. Ine ndimaimba tenala ku tchalitchi!

Mawu anga ndawachotsa.

Lachinayi

Tsiku loipa.

Magetsi anathima m'mawa, kunja kukutentha ngati m'ng'anjo. Abwera masana, kompyuta yayaka mwakachetechete ngati wakuba. Ndayang'ana kutsidya, pa benchi palibe munthu. A Saidi akuti a Zainabu apita ku doko kukadikira mabwato. Foni yawo sikupezeka.

Ndakhala pansi. Ndatayipa kalata imodzi. Kenako mphuno yandiuza kuti pakona zinthu zayamba kusintha. Chambo chodzadza filiji, malonda a sabata yonse a munthu.

Ndayang'ana pulagi. Pulagi yandiyang'ana.

Ndalumikiza.

Madzulo alowa akuthamanga, mpango utapendekeka, akuti nsomba zanga, nsomba zanga. Apeza filiji ikulira bwinobwino, chambo chazizira. Andithokoza mpaka ndachita manyazi. Ine m'malo motseka pakamwa, ndayamba kudzitama kuti ndi kantchito kochepa, ngakhale ndili m'tulo ndingathe.

Aima. Ayang'ana pulagi, ayang'ana mpando wanga. Pakati pake ndi potambasula dzanja basi.

"Ndiye achimwene, ine chaka chonsechi ndakhala ndikuthamangiranji?"

Ndayankha kuti lamulo. Akuti lamulo la ndani. Ndati la magetsi. Aseka mpaka agwira chitseko, ndipo akuti kuyambira lero ndizingolumikiza ndekha, ikapsa sadzandiimba mlandu, a Saidi ndi mboni. A Saidi, amene palibe anawaitana, ayankhira kuseri kwa khoma kuti amva.

Ndikanasiya nsomba zija ziwole. Ayi, sindikanatha. Koma ndikanatseka pakamwa!

Lachisanu

Ndayesa kubweza zinthu m'malo mwake. M'mawa ndawoloka msewu kukawauza kuti dzulo pulagi ija inandigwira shoko, mkono wonse dzanzi, ndiye ndi bwino mwiniwake azilumikiza yekha monga kale. Ndinapinda mkono kuti uoneke wodwala.

Akuti pepani kwambiri. Kenako akuti ngati pulagiyo ikugwira shoko, ndikufuna igwire iwowo?

Sindinaganize mbali imeneyo.

Atabwerako ku mzikiti anditumizira mphatso kudzera mwa a Saidi: patapata watsopano, kuti ndizivala polumikiza. Mphatso yoyamba kuchokera kwa iwo. Ndi wamng'ono, chidendene chikutsalira kunja, koma ndavala tsiku lonse.

A Saidi akuti mkono ndaupinda wamanzere, pomwe m'mawa unali wamanja. Munthu ameneyu bwanji osangometa anthu?

Kompyuta ikadali zii. Ndayesa kubweza apudeti, yandifunsa ngati ndikutsimikiza. Sindikutsimikiza kanthu kalikonse sabata ino. Ndadina pokana.

Loweruka

Ndakapeza!

Sindinkafuna n'komwe. Ndimafuna kusintha chithunzi cha pa sikirini, ndasochera, ndatulukira pa tsamba la zomveka. Pansi penipeni pali kabokosi kakang'ono ngati njere ya mpunga, pambali pake palembedwa za kanyimbo koyambira. Apudeti ija inangochotsamo kachizindikiro. Fayilo ilipo, sipika ilipo, waya alipo. Ndadina kamodzi.

Bandulo yonse ija. Kalata ya aphunzitsi. Mbuzi.

Ndapemphera kuti magetsi athime, ndipo kwathu kuno pemphero limeneli silichedwa kuyankhidwa. Ndasita malaya ndi makala. Ndakhala pa mpando, pulagi ya filiji ili pansi, ine manja m'thumba.

Abwera. Tindi-li-liii! Kenikeni, kokoma, mzere wonse wamva. A Saidi aomba m'manja. Ine maso kutsidya.

A Zainabu adzutsa mutu, amwetulira, akweza dzanja lili ndi mamba a nsomba, akuwa kuti msewu wonse umve: "Lumikizanitu achimwene!" Kenako abwerera kwa kasitomala wawo.

Ndavala patapata. Ndalumikiza.

Lamlungu

Ku tchalitchi ndaimba motsitsa. Okhala nawo pafupi afunsa ngati ndili ndi chimfine.

Lero linali tsiku lonena za kumtima. Mawu ndinawakonza kalekale, koma onse amayamba ndi a Zainabu atalowa m'shopu, ine n'kunena kuti dikirani pang'ono. Oyambira pa benchi ya nsomba, pamaso pa makasitomala ndi ntchentche, ndilibe. Ndawoloka msewu ndithu, ndafika, andifunsa kuti ndikufuna chachikulu kapena chaching'ono. Ndagula chaching'ono.

Akuti ndine munthu wabwino kwambiri, tsopano miyendo yawo ikupuma. Akutinso nsomba azidzatenga m'mamawa ndisanatsegule, a Saidi ali ndi kiyi wa chitseko cha pakati pa mashopu athu, ndisavutike kudzuka.

Zimene ndakwanitsa sabata ino:
Kanyimbo kabwerera.
Nsomba sizinawole.
Ndapatsidwa ntchito yopanda malipiro.

Masana ano ndakhala m'shopu ngakhale ndi Lamlungu, chifukwa wina ayenera kudikira magetsi. Kompyuta yangondifunsa kumene ngati ndikufuna apudeti ina. Ndaiyang'ana nthawi yaitali. Iwononge chiyaninso?

Magetsi athima, abweranso, kanyimbo kalira bwino kwambiri. Kutsidya sanadzutse n'komwe mutu. Ndadzuka, ndawerama pakona, ndalumikiza. M'shopu munalibe munthu wina, ndiye "Mwaswera bwanji achimwene" ndanena ndekha.