Besi yanga ndi apongozi

Lolemba
Bokosi lafika kuchokera ku Jeremani! Msuweni wanga wa kumeneko sananame. Gitala ya besi yolumikiza wekha. Mkatimo:
thupi lamphako, la mabowo awiri okhota
khosi
nsambo zinayi
timaginito tiwiri togwira mawu, ndi mawaya
pepala la malangizo, lonse m'Chijeremani.
Loweruka anyamata a gulu loimba la ku Woodlands akuyesa woimba besi. Mtsogoleri wawo akuti: "Bwela na besi yako. Ngati ulibe, osavutika." Zaka zisanu ndikuimbira zobwereka, mwayi wanga ndi uno.
Apongozi aamuna afikanso lero kuchokera ku Katete, kudzapimitsa kuchipatala. Akugona pabalaza, pomwe pali bokosi.

Lachiwiri
Ndikubwera kuntchito, khosi lalowa kale m'thupi. Ndi misomali ya denga, isanu! Mkamwini satsutsa apongozi pamaso, ndiye ndikutuma mkazi wanga Esinati kuti akawauze achotse. Yankho likubwerera kukhitchini: "Atate akuti osayamika, ni nchito ing'ono. Kumunzi anapanga mababatoni atatu."
Babatoni! Besi ya kumudzi ija, ya mgolo ndi chikopa. Kodi uthenga wanga wasochera pati? Nyumba yathu ya ku Kabwata ndi zipinda ziwiri zokha.

Lachitatu
Mabowo okhota aja amatidwa ndi phula. Akuti mphemvu zingamangemo mudzi. Ndikutumanso Esinati. Iye: "Nawauza kuti mwakondwela. Mufuna nikambe kuti atate alakwisa? Kakambeni mweka."
Ndikupita ndekha. Ndikugwada pakhomo, ndikuwomba m'manja, pakamwa pakutuluka "Mwaswera bwanji, atate." Basi.

Lachinayi
Pamimba pa gitala pali chikopa cha mbuzi cha ku msika wa Chilenje, chosauma bwino. Maginito kulibe. Esinati: "Atate akuti vinali kulemesa chabe." Ana a pakhomo loyandikana akutolera nawo misomali m'mchenga. Agalu awiri akhala pakhonde chiyambire masana.
Ndikuyang'ana chithunzi cha papepala, ndikuyang'ana chinthucho. Mwina ndine amene sindikumvetsa?

Lachisanu
Nzeru: kujomba kuntchito, kukonza zonse apongozi ali kuchipatala. Koma kukubwera mlendo wa boma. Ofesi yonse pa lole, kukaima m'mbali mwa msewu wa ku bwalo la ndege, tcheyamani wa chipani akuitana mayina. Maola asanu padzuwa ndi kambendera. Galimoto zadutsa ngati mphepo, mlendoyo sindinamuone.
Kunyumba: nsambo yatsala imodzi. Zitatu zija Esinati wayanikapo matewera a mwana wathu. Kukhosi kwakhomedwa zitsekerero za mabotolo kuti zizichita tsekeretseke.

Loweruka
Woodlands. Mtsogoleri wagwira chingwe cha ampulifaya, akuzungulira chinthu changa kufuna pochilowetsa. "Ba mudala, iyi nizaingenesa kuti?" Ndikukhwatcha nsambo: buu, tseke tseke. Woimba ng'oma watuluka panja kukaseka. Atenga mnyamata wa ku Kabulonga wa gitala ya m'sitolo, amene zala zake n'zolimba ngati chinangwa.
Zandipweteka kwambiri. M'basi ndalipira mipando iwiri.

Lamulungu
Apongozi akubwerera kwawo. Akuti chinthu chotere chingaonongeke m'tauni, anthu ake sadziwa kusamala, ndiye akupita nacho. Ndasenza ndine mpaka ku siteshoni ya mabasi, ndakweza ndine padenga.
Basi ili pafupi kunyamuka, atulutsa mutu pawindo. Koyamba chikwatirire, akulankhula ndi ine mwini, osadzera kwa Esinati:
"Mkamwini, matabwa aja ngabwino. Mukaitanitse ena."
Ndawomba m'manja. Ndavomera.