Boti Lofiira Logona Pamchenga

Inu, tamverani za alamu anga Aphunzitsi, aja anaphunzitsa jogalafe zaka makumi atatu mpaka choko kuwayeretsa zala. Mwana wawo anawatumiza kokapuma pa sitima yapamadzi, zija zokhala ngati hotela yoyandama panyanja yaikulu yamchere, ndipo iwo anakwera atamanga tayi, mapewa m'mwamba, limodzi ndi akazi awo, achemwali anga.

Tsiku lachitatu sitima inaima padoko la katauni kena kuti anthu akawongole miyendo. Mlonda wa pakhomo la sitima ankachenjeza aliyense: "Folo koloko tinyamuka. Wotsala watsala!" Kenako anawapatsira kapepala ka mapu.

"Mapu? Ine?" anatero alamu. "Bambo, mapu ndimajambula pabolodi nditatsinzina."

Basi ulendo. Timisewu topapatiza, zovala zoyanikidwa m'mawindo, fungo la nsomba lokhalokha. Achemwali anafunsa:

"Abambo, njira yobwerera muikumbuka koma?"

"Mayi, munthu wophunzira amaika chizindikiro. Mwaliona boti lofiira lija lagona chammbali pamchenga? Pobwera tikhotera pomwepo."

Anazungulira msika wonse, alamu akufotokoza mbiri ya nyumba iliyonse yomwe anali asanaionepo chibadwire. Itakwana fili koloko anatsikira kugombe kuja. Abale inu, mchenga kulibe! Madzi anali atafika pakhoma lenileni la msewu, ndipo maboti ofiira asanu ndi limodzi ankayandama mwaulemu, onse ofanana ngati mapasa.

"Mayo ine, chigumula!" anakuwa alamu. Anathamangira msodzi wina yemwe ankasoka ukonde. "Achimwene, thawani! Nyanja ikulowa m'tauni!"

Msodziyo anayang'ana madzi, n'kuyang'ana tayi, n'kupitiriza kusoka.

Apo sitima inalira kutali: buuu! Ndipo mapasipoti, mankhwala a shuga, zonse zinali m'sitimamo. Achemwali anaona kuti safunsa anadya phula. Anaimitsa mayi wina woyendetsa kanjinga kamoto konyamula nsomba, n'kumulozera komwe kumachokera kulirako. Mpando unalipo umodzi, ndiye anakhalapo achemwali. Aphunzitsi anakwera kumbuyo, pamwamba pa nsomba, mbalame za kunyanja zikuwaperekeza ndi phokoso, ina n'kuwasiyira mphatso paphewa.

Anafika makwerero akuchotsedwa. Alamu, mamba ali mbuu thalauza lonse, anagwira mlonda uja pamkono ali wefuwefu.

"Kauzeni akuluakulu, tauni ija ikumira!"

"Ayi bambo, kuno madzi amakwera n'kutsika kawiri pa tsiku."

"Kawiri pa tsiku? Nanga boma likuti bwanji?"

Achemwali anagwira m'chiuno. Mkwiyo ndi manyazi zinawagwira limodzi.

"Abambo, zaka makumi atatu mukuphunzitsa ana a eni jogalafe, zimenezi osazidziwa?"

Alamu anachotsa mamba pa tayi, n'kuyankha motsitsa mawu:

"Mayi, mutu umenewo unali kumapeto kwa buku. Chaka chilichonse teremu inkatha tisanafikeko."