Benchi ya a Khalani Kaye

Ejenti wina aliyense wa ndalama za pafoni ukamupatsa nambala ya foni, amakupatsa ndalama. A Khalani Kaye ukawapatsa nambala, ankakupatsa benchi. Ndiko kunachokera dzinalo, moti dzina lawo lenileni ambirife tinalimvera pamaliro, ndipo pofika madzulo tinali titaliiwalanso.

Kakontena kawo kanali pakati pa saluni ndi galaja. Panja pake panali benchi ya matabwa atatu, mwendo umodzi wochirikizidwa ndi njerwa. Ndalama za sopo ndi mchere ankangopereka osafunsa. Koma ukatchula ndalama yolemera, mkuluyu ankavula magalasi, n'kukuyang'ana ngati dokotala amene waona chotupa.

"Khalani kaye."

"Ndili pachangu, bambo."

"Changu chimenecho ndi chimene ndikuchiopa. Ndalama ndi zanu, sindikukanizani. Koma amene anakupatsani mphamvu zozipezera mwamufunsa? Kambiranani pabenchipo, ine ndiziwerenga."

Ankatchera kawotchi ka belu mphindi zisanu. Belu likalira funso linali limodzi: "Mwagwirizana zotani?" Ukaumirira, ankakupatsa zonse, osachotsapo ngakhale kakobidi. Kungoti mphindi zisanu ndi zambiri kwa munthu amene ali ndi chikumbumtima. Aphunzitsi ankabwera tsiku la malipiro akufuna zonse, n'kuchoka ndi theka. Akazi a m'dera lonse ankawakonda mkuluyu. Mwini bala ya mowa ndiye ankawaona ngati chilala.

"Mdala, mukundiphera bizinesi," anadandaula tsiku lina.

"Ndimakupemphereranitu," anayankha a Khalani Kaye, "kuti mupeze ina."

Benchi ija sinkaona nkhope. Abusa enieniwo atabwera kudzatapa ndalama za mpingo zogulira matayala a galimoto yawo, anauzidwa zomwezo.

"Akulu a mpingo, mwaiwala kuti ndine m'busa wanu?"

"Sindinaiwale, abusa. N'chifukwa chake inu mukhala mphindi khumi. Enawa amatapa zawo."

Anagula matayala awiri m'malo mwa anayi, ndipo Lamlungu lotsatira analalikira za kudzichepetsa akuyang'ana kudenga.

Wakatapila wa kuseri kwa msika anakhalapo kamodzi kokha. A Khalani Kaye anatuluka m'kontena, nakhala pambali pake, n'kuyamba kupemphera mokweza kuti mzere wonse umve: "Ambuye, m'bale wathuyu amabzala imodzi n'kukolola ziwiri pa sabata, chimene ngakhale nyemba zanu sizichita. Muunikireni." Munthu uja anathawa belu lisanalire. Bwana wa kampani ya mafoni nayenso anabwera ndi tayi wake kudzawakalipira kuti akuchedwetsa makasitomala. Anamukhazika. Amene analipo amati anachoka atatumizira mayi ake ndalama, atatha miyezi isanu ndi umodzi osawakumbuka.

Tinkaseka, tinkang'ung'udza, koma tinkapita komweko, chifukwa kwa a Khalani Kaye ndalama sinkasowa ndipo nkhani yako sinkatuluka. Zimene walemba m'kabuku kawo zinkathera m'kabukumo.

Tsono pagalaja ya pambali paja panali makaniko, munthu wa manja abwino ndi mtima wofewa ngati buledi wonyowa. Mwana wake wamkazi anali ku sukulu ya unamwino, ndipo amene ankamulipirira fizi anali mlamu wa makanikoyo, wogwira ntchito kunja. Ulendo umenewo foni ya mayi a kunyumba inali itagwera m'ndowa, choncho ndalama zinafikira pa foni ya makaniko. Tsiku lomwelo mnzake wina wowotcherera zitsulo anamuonetsa kapepala kobetchera ka matimu asanu ndi anayi a mpira, n'kulumbira kuti amenewa ngakhale atasewera ndi mwendo umodzi apambana.

Makaniko anakhala pabenchi maso ali chotseka, milomo ikugwedera. Odutsa ankati akupemphera. Iye ankachulukitsa. Pofika mphindi yachinayi anali atagula kale galaja yakeyake, atamanga nyumba ya malata ofiira, ndipo chakhumi anali atachipatula, kuti Mulungu naye asadandaule.

Belu linalira.

"Mwagwirizana zotani, amakaniko?"

"Fizi ya mwana, bambo."

"Zabwino zimenezo. Bwanji ndingotumiza kusukulu komweko? Thumba la ovolosi limakhala ndi zibowo."

"Amafuna risiti ya kubanki."

A Khalani Kaye anawerenga kawiri, naika dzanja pa ndalamazo, n'kupempherera mwanayo kuti adzakhale namwino wosakalipira odwala. Ameni wa makaniko anamveka mpaka ku saluni.

Ndalama zonse makaniko anakazibetcha pa kapepala kaja. Matimu asanu ndi atatu anapambana. Yachisanu ndi chinayi inagoletsedwa mphindi yomaliza, ndi munthu woti chaka chonse anali asanagoletsepo.

"Bambo a mwana, ndalama zija mwatapa?" anafunsa mayi a kunyumba madzulo ake.

Pakamwa pa makaniko panayankha pokha, mwini wake asanakonzeke. "Zatsakamira kwa a Khalani Kaye. Akuti netiweki."

Netiweki imasenza machimo a anthu ambiri, koma siingasenze sabata yathunthu. Tsiku lachisanu ndi chitatu makaniko anawonjezera kuti pafoni zinachoka koma mkuluyo akuti kwa iye sizinafike. Mayi aja anavala nsapato, ulendo ku kontena.

A Khalani Kaye anatsegula kabuku, naona siginecha ya makaniko ndi chidindo cha chala cha girisi pambali pake. Anakatseka.

"Mayi, za m'kabuku kano ndimauza mwini nambala yekha. Bwerani ndi amuna anu."

"Amuna anga andiuza kale. Ndiye kuti mwadya?"

"Sindinadye. Bwerani nawo."

"Fizi ya mwana wanga, inu a mkulu wa mpingo?"

"Bwerani nawo, mayi."

Mayi aja sanabwere nawo. Makaniko anali ndi minibasi yofunika kutuluka tsiku lomwelo, mawa lake mutu, mkuja wake anapita kukasaka sipeya kutali. Ndiye mayi aja analowa mu saluni, ndipo nkhani imene yalowa mu saluni imatuluka italukidwa bwino. Pofika Loweruka, a Khalani Kaye anali atadya fizi ya ana atatu. Pofika Lolemba anali ndi nyumba ya lendi kwinakwake. Ifenso, tisabise, tinaithira mchere. Wina anati mphindi zisanu zija n'zoti azisuntha ndalama zako uli chitsinzinire. Tinagwedeza mitu kuti n'zomveka. Munthu amene wakhala akukuchititsa manyazi ndi ubwino wake, ukamva kuti wagwa, mtima umapepuka pang'ono.

Mayi a kunyumba anagulitsa makina awo osokera kuti mwana asachotsedwe sukulu. Mzere wa pakontena unafupika. Kumpingo anawapempha a Khalani Kaye mwaulemu kuti ayambe apuma pa ntchito yowerenga zopereka, ntchito imene anaigwira zaka makumi awiri ndi zitatu.

Makaniko zonsezi ankaziona ali pansi pa galimoto. Masiku amenewo ankakhalitsa pansipo moti eni magalimoto ankamutama kuti ndi wakhama. Ina anaigonera maola atatu, vuto lake lili la wayipa yopukutira galasi. Koma galaja ndi kontena zinali khoma limodzi, ndipo m'mawa uliwonse mawu ankamupeza komweko.

"Mwadzuka bwanji, amakaniko?"

"Ndadzuka, bambo, kaya inu."

"Ndilipo. Ndikudikira."

M'mawa wina anthu anapeza pakontena palembedwa ndi penti yofiira: MBAVA YOPEMPHERA. A Khalani Kaye anayesa ndi madzi a sopo, osachoka. Kenaka makaniko anaona nsapato zawo zakuda zija, zopukutidwa bwino, zitaima pafupi ndi mutu wake.

"Amakaniko, mungandigaireko petulo pang'ono? Pentiyi yakana sopo."

Anatuluka pansi pa galimoto, nathira petulo m'kabotolo, theka n'kutayikira pansi. Anapereka nkhope itayang'ana kumbali.

"Bambo, bwanji simukungonena? Kabuku muli nako."

"Ndikanena ine, mukhala wakuba wogwidwa. Mukanena inu, mukhala munthu wolapa. Ndikukusungirani chachiwiricho."

"Ndipeze kaye ndalamazo. Mwezi ukatha."

"Mkazi wanu sakusowa ndalama zokha, mwana wanga. Koma chabwino. Kungoti musachedwe, shuga wangayu alibe benchi."

Anaseka okha, n'kupita kukapukuta khoma. Makaniko anayang'ana msana wawo ukukwera ndi kutsika, ndipo anaganiza zokawalanda kansanzako kuti apukute iye. Anaganizanso kuti anthu adzafunsa chifukwa chake. Anabwerera pansi pa galimoto.

Mwezi unatha, ndalama sizinakwane. Anati wotsatirawo. Wotsatirawo uli pakati, kontena inakhala yotseka Lolemba, Lachiwiri, ndipo Lachitatu m'mawa uthenga unachokera kuchipatala.

Pamaliro anthu analankhula mosamala ngati akuyenda pa matope. Abusa anati malemu anali munthu wa dongosolo. Woimira amalonda anati anali wosunga nthawi. Palibe amene anatchula mawu oti wokhulupirika. Makaniko ananyamula nawo bokosi, ndipo kumbuyo kwake anamva mayi wina akunong'oneza mnzake kuti, "Koma za fizi zija apita nazo." Mkuluyo anali wochepa thupi, koma phewa la makaniko linapweteka masiku atatu.

Anaulula tsiku lachinayi, masana, mayi a kunyumba akutsuka makapu kukhitchini. Ananena zonse ataima pakhomo, kuyambira kapepala ka matimu mpaka petulo. Ankayembekezera kapu kumaso. Mayi aja anatsiriza kutsuka, napukuta manja chala chimodzichimodzi.

"Valani nsapato."

"Tikupita kuti?"

"Ine bodza lanuli ndinalipereka malo asanu ndi awiri, ndi pakamwa pangapa. Mukalitenga komweko ndi panu."

Anayambira ku saluni. Makaniko anaima pakati pa amayi asanu a mitu yonyowa, chipewa chili m'manja, nanena mawu ake chapansipansi. Atamaliza, mayi wina anatulutsa mutu m'chowumitsira tsitsi.

"Akuti chiyani? Sindinamve."

"Bwerezani," anatero mayi a kunyumba. "Ameni wa pakontena uja akuti munakweza."

Anabwereza. Anapita pampopi, kwa ogulitsa tomato, kwa amayi a kwaya amene anawapeza ali pakati pa nyimbo, kwa mlongo wa mkazi wake, ndi kwa abusa, amene anamvetsera mpaka kumapeto n'kukhala nthawi yaitali akupukuta magalasi oyera kale. Anatipezanso ife pansi pa mtengo wa pasiteji, pamene timakonzera dziko tsiku lililonse. Tinayesa kumukalipira, koma mawu sankatuluka bwino. Amene anayambitsa za nyumba ya lendi anakumbuka mwadzidzidzi kuti wasiya madzi pamoto.

Kwa mayi amasiye, akazi a malemu, sikunali pa mndandanda, koma ndiko anathera. Anawapeza akupinda malaya a malemu pamphasa. Makaniko anagwada pakhomo. Anali atanena nkhaniyi m'malo asanu ndi awiri tsiku limenelo, koma apa inamukanika pakati, mpaka anachita kuimalizitsa ndi mkazi wake.

"Ndimadziwa," anatero mayi amasiye, osasiya kupinda.

"Anakuuzani?"

"Amene uja kuuza munthu za m'kabuku? Ayi. Koma usiku uliwonse ankapempherera makaniko, makaniko, pamene ife galimoto tilibe. Ndine mwana ine?"

Makaniko anaweramitsa mutu mpaka chipumi kutsala pang'ono kugunda simenti.

"Iwo anakukhululukirani kalekale, musavutike nazo," anapitiriza mayiwo. "Ine ndiye sindinafikepo. Ndinkawaona akuvala jekete Lamlungu, akudziwa kuti akakhala kumbuyo, mbale ya zopereka ikuwerengedwa ndi ena. Mubwerenso."

"Liti, mayi?"

"Muzingobwera. Ndikafika ndidzakuuzani."

Kontena ija anaigula munthu wina, waulemu ndithu, wa zala zothamanga. Ukamupatsa nambala, usanamalize n'komwe kuyasamula, ndalama zili m'manja. Palibe amene amachedwanso pamsewu pathu. Malipiro a aphunzitsi akumatha pa faifi, mwezi utangoyamba, ndipo akazi awo akumadutsa pakontenapo osapereka moni. Abusa analengeza kutchalitchi kuti malemu anali osalakwa, anthu n'kuyankha ameni wonyowa, aliyense akuyang'ana nsapato zake. Pansi pa mtengo wa pasiteji tikumakambabe za anthu, poti ndi ntchito yathu, koma nkhani ikafika pa dzina la munthu amene palibe, pamakhala wina wotsokomola, ndipo timasintha n'kuyamba za mvula.

Makaniko akuwombola makina osokera pang'onopang'ono. Loweruka lililonse akaweruka amasamba girisi, navala malaya oyera, n'kuyenda wapansi mpaka kwa mayi amasiye. Wakonza kale geti, mpope wa madzi ndi wailesi. Mayiwo amamupatsa mpando ndi madzi akumwa, namufunsa za mwana wa ku unamwino uja. Dzuwa likapendeka iye amaimirira, chipewa m'manja, n'kudikira pang'ono pakhomo.

"Muyende bwino, amakaniko," amatero mayiwo. "Loweruka."