Mmene Ndinakanira U-trustee wa Boti la Apongozi

Nkhani iyi ndakhala ndikuwabisira ngakhale anzanga a mu staff room, koma lero ndingoulula, museke zithe.

Ine ndine mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, ndinakwatira ku Nkope. Apongozi anga, Che Jafali, atayamba kudwaladwala anaganiza zoika boti lawo la injini ndi makoka mu trust, kuti adzukulu awo amasiye aziphunzirira. Panafunika trustee woyang'anira. Pabanja ponsepo wovala tayi ndine ndekha, ndiye ndinadziwiratu kuti mpando ndi wanga. Ndinachapitsa suti, n'kuwauza ahedi kuti posachedwapa ndizikhala busy.

Mkazi wanga Asiyatu anandilangiza: "Kunotu udindo salumphira. Akakutchulani mukane kaye, akupempheni."

Tsiku la msonkhano tinakhala pansi pa mtengo wa mango, ashehe ali pomwepo. Amalume ake a Asiyatu anatchula dzina langa.

"Aa, ine ayi, ndine mwana," ndinatero nditaweramitsa mutu.

"Ayi aphunzitsi, tithandizeni!" anatero amalumewo.

Apa m'pamene ndikanavomera. Koma abale, kupemphedwa kumakoma! Ndinafuna abwerezenso.

"Ine zinthu sindisunga. Makiyi a ofesi ndawataya term yomwe ino."

"Zimachitika," anatero amalume, koma mawu atatsika.

Asiyatu anakhosomola kumphasa ya azimayi. Ine ndinkayesa akundichemerera.

"Komanso nyanja ndimaiopa. Ndiye mwezi ukatha ndimakonda kudutsira pa bottle store, kuziziritsa kukhosi."

Ndinakhala bwino, kudikira kuti andigwire mwendo.

Ashehe anasisita ndevu. "Alhamdulillah! Munthu woona mtima chonchi ndi wosowa. Tikanam'patsa boti la ana amasiye, koma watichenjeza yekha."

"Ayi ashehe, ndimangonena mwaulemu..."

"Musadzivute bambo, tamva," anatero apongozi. Kenaka analoza kumphasa kuja. "Amene wakwanitsa kusunga mwamuna wotereyu zaka zonsezi, boti silingamuvute. Asiyatu!"

Azimayi nthungululu! Ine thukuta kamukamu m'suti muja, ndikuwomba nawo m'manja.

Lero trustee ndimakhala naye nyumba imodzi, ndipo ndikafuna chambo cha m'botilo ndimagula ngati wina aliyense.

Ukamakana mwaulemu, kana kamodzi, usabwere ndi umboni.