Banja la m'katoni

Lolemba
Dzulo Tisa wapezekanso ku Zambezi, madzi m'mawondo, pamalo pomwe ng'ona inagwira mbuzi. Mwana wa zaka zisanu! Kukalipa kwalephera, kamkwapulo kalephera. Nzeru yatsopano: ndimsokera tizidole, katoni ya sopo ikhale nyumba yao, azisewera pakhonde pomwe ndimuona.
Zofunika: waya wofewa, thonje la m'pilo, tizidutswa ta chitenje kwa telala, singano.

Lachiwiri
Atate a zidole atha. Waya mkati, thonje pamwamba, ulusi kuzungulira. Apinda miyendo, akhala pansi bwinobwino! Mutu wakula ngati dzungu, koma Tisa sadandaula. Tsiku lonse ali pakhonde. Ndine wanzeru ine.

Lachitatu
Amai a zidole ndi kamwana kao atha. Zala zanga zabooka. Tisa asuzumira m'katoni: "Nanga awa adya chiyani? Atate ao sapita kukagwira nsomba?" Ndimuuza kuti atate awa ndi a mu ofesi ku Boma. Awayang'ana kumapazi. "Bodza, Amai. Alibe nsapato."

Lachinayi
Ndisoka nsapato. Atate ake Tisa, mwamuna wanga yemwe, abwera kuchokera kumadzi, aona chidole, aseka mpaka kutsokomola. Atenga mpeni, asemera mnzao kabwato. Ndi kankhafi komwe! Ndiwayang'ana ndi diso lija, iwo ali kalikiliki kusalaza.

Lachisanu
Bwato lifuna madzi. Ndiika beseni pakhonde, ndilengeza kuti Zambezi ndi iyi. Ana a aneba abwera onse, aponyamo mwala, ati ndi mvuu. Atate a zidole angogwera m'madzi, waya wachita dzimbiri, khosi siliwongokanso. Madzulo Tisa: "Madzi awa sayenda. Atate awa afika bwanji kutsidya ku Zumbo kukagulitsa nsomba?"

Loweruka
Ndipita kuseri kukayanika zovala. Pobwera, pakhonde pali zii. Katoni kulibe, Tisa kulibe, ana a aneba kulibe. Mayo ine! Ndithamanga chitenje m'manja, opanda patapata. Ndiwapeza panjira yotsikira kudoko, Tisa patsogolo, katoni pamutu. "Tingoperekeza zidole chabe, Amai. Mbale zao zada." Ndikalipa, ndilira, ndimkumbatira, zonse pamodzi. Kale anali kupita yekha, lero watenga ndi ana a eni.

Sande
Tachoka kutchalitchi. Ndili pamwala kudoko, patali ndi madzi, maso pamtsinje. Dzanja limodzi lagwira diresi la Tisa kumbuyo. Lina lagwira ulusi wautali wa kabwato, atate a khosi lopindika ali paulendo wa ku Zumbo. Amai a zidole atsuka mbale m'chidebe chimene ndatunga ine.
Mayi wina wogulitsa nsomba adutsa: "Amake Tisa, mwayamba kuwedza?"
Iyayi, ndilondera. Ndinali ndi mwana mmodzi wokonda mtsinje. Manje ndi banja lonse, ndipo ndalisoka ndi manja anga.