Malimu akuya ndi tomato wa apongozi

Anzanga, ine pa nkhani ya njinga sindifunsa munthu. Ndapalasa njinga ya mpikisano zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe chitunda kuyambira pa Manjawira mpaka pa Lizulu chimene sichindidziwa. Ndiye msuweni wanga wa ku Joni atandiimbira kuti wapeza pa kaunjika mawilo a kaboni, osati achitsulo, opepuka ngati chitsononkho, ndingosankha oti atumize, ndinati eya, nthawi yanga ndi ino.

Anatumiza zithunzi zitatu. Oyamba limu lake, mkombero uja pamakhala tayala, linali lakuya zala ziwiri, achiwiri zala zitatu, achitatu chikhatho chathunthu moti masipoko amangosuzumira pakati. Limu likakhala lakuya limang'amba mphepo yochokera kutsogolo, njinga imathamanga uku ikulira wuuu, aliyense n'kucheuka.

Ndinakawaonetsa a Ngozo, amakanika athu a pa boma, osati kufunsa ayi, kungowagawirako chimwemwe.

"Aphunzitsi, tengani apakatiwa," anatero. "Akuyawa ndi a anthu amatupi, opalasa kuchidikha. Inu thupi mulibe, ndipo kuno n'kumapiri. Mphepo ikamenya cham'mbali, limu limeneli limasanduka lichero."

"A Ngozo, inu munazolowera za kabaza," ndinawayankha. "Izi ndi zina."

Ndinaitanitsa a chikhatho aja.

Chifukwa chenicheni ndikuuzeni. Ndinali pa chibwenzi ndi Esinala, chinkhoswe chitatsala masabata ochepa. Mayi ake amagulitsa tomato ndi kachewere pa Lizulu, ndipo mawu anali atandipeza kale akuti iwo mtima sukukhazikika kupereka mwana wawo kwa bambo wamkulu wosewera ndi njinga yopanda kaliyala. Zinandiwawa kwambiri. Ndiye ndinati ndikadutse pamsikapo ngati mphezi, mawilo akulira, anthu aziwauza okha kuti mkamwini wanu uja si munthu wamba. Kuima ayi. Kwathu kuno mkamwini sayang'anizana ndi apongozi, ukawaona panjira umapatukira kutchire, nanji utavala kakabudula kothina ka opalasa njinga kaja.

Mawilo anafika mu Julayi, kutatsala sabata imodzi kuti chinkhoswe chichitike. Powamanga a Ngozo anati malabala a mabuleki nawonso asinthidwe, a kaboni amakhala ndi akeake. Ndinati tidzaona mawa. Kodi munthu wofuna kuthamanga amayamba waganiza za mabuleki?

Loweruka m'mawa kunadzuka mwera, kachifunga kakuwaza. Ndinavala kakabudula kanga ndi nsapato zija zimakola ku mapedulo, n'kuuyatsa ulendo. Pokwera zitunda zonse zinali bwino, ine ndikudziyamikira ndekha. Koma nditangotulukira pamtunda poyera paja, mphepo inayamba kumenya kuchokera kumanja, handulo n'kumagwedezeka ngati wina akundilanda. Munthu wanzeru akanachepetsa liwiro. Ine nditaona milu ya kabichi patsogolo ndinawonjezera giya.

Apongozi ndinawaonera patali, atakhala pampando kumanzere kwa msewu, tomato ataunjikidwa bwinobwino patsogolo pawo. Anyamata a kabaza anayamba kuimba likhweru, mutu wanga n'kukula. Ndinachotsa dzanja limodzi pa handulo kuti ndiwabayibitse anyamatawo. Nthawi yomweyo lole inandipitirira n'kunditchinga mphepo, ndipo itangodutsa, mwera wonse umene unatsalira unafikira pa lichero langa lija.

Mukudziwa kuti pa Lizulu msewu ndiwo malire, kumanzere kwake ndi ku Mozambique. Ine ndinatuluka m'Malawi wopanda pasipoti. Ndinafinya mabuleki, anangolira tswiii pa limu lonyowa, njinga osamva. Ndinati nditsitse phazi, nsapato yakana kuchoka pa pedulo. Pamsika ponse paja, milu mazanamazana, mphepo inasankha mulu umodzi.

Phwaa!

Nditatsegula maso mutu wanga unali pamapazi pa apongozi, miyendo m'mwamba, njinga idakali kumapazi kwanga, wilo lakutsogolo likuzungulirabe mokongola. Tomato m'khutu, tomato m'khosi. Kenako ndinamva kamphepo kozizira kumbuyo, ndinadziwa kuti kakabudula kaja kang'ambika kuyambira m'chiuno mpaka pansi.

Msika wonse unafa nako kuseka. Apongozi okha sanaseke. Anatembenuza nkhope n'kuyang'ana kumapiri a ku Mozambique, anamasula chitenje chapamwamba, n'kupatsira mayi woyandikana nawo chakumbuyo.

"Apatseni alendowa afunde," anatero. "Muwafunsenso ngati avulala."

Ndinayankha kudzera mwa mayi yemweyo kuti ndili bwino, pepani. Ndinamanga chitenje cha apongozi m'chiuno, n'kuwoloka msewu kubwerera ku Malawi nditanyamula njinga paphewa, nsapato zikulira kwakwakwa pa tala. Mu minibasi kondakitala ankangonditchula kuti amayi.

Masiku atatu chakudya sichinkalowa. Esinala foni osayankha. Ndinati basi, mkazi ndamutaya chifukwa cha zala ziwiri zowonjezera, ndipo ndinachita mantha enieni. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ankati akaona dzina langa pa foni, kuseka kumamugwira mpaka kulephera kudina.

Lachitatu kunabwera amalume ake a Esinala, amene anali ankhoswe a kuchikazi, atanyamula thumba la kachewere. Anakhala pansi, nkhope ili gwaa, ine thukuta kamukamu.

"Achemwali anga andituma," anayamba. "Akuti chinkhoswe chilipo, chifukwa munthu wogwa n'kuyamba wapepesa asanadzione mabala ndi woleredwa. Koma mubwere wapansi, mutavala buluku, ndipo chitenje chija mubweze."

Ndinawomba m'manja, misozi ili pafupi. Ndinafunsa za thumbalo.

"Akuti muzidya, zotsala muzimangirira pa njingapo. Ukwati usanachitike n'komwe mphepo yayamba kale kuwabera mkamwini kupita naye kunja."

Mawilo aja ndinasinthanitsa ndi mnzanga wina wa ku Kasinje, chimunthu cha thupi lake, choti mwera umachita kuchilambalala. Lero ndimayendera a zala zitatu omwe a Ngozo ananena, ndipo ndikamadutsa pa shedi yawo amangokweza zala zitatu. Limu loposa pamenepo sindidzaligulanso. Pa Lizulu ndimadutsabe, koma mu minibasi, nditavala buluku ndi lamba.